Mapisitoni a Apongozi

A Laban Zimba anamulakwila mkamwini wao Kenan m'mwezi wa Okutobala, chaka cha 1983. Kenan anali makanika pa boma la Lundazi. Mphunzitsi wina wochokela ku Lusaka anamupatsa galimoto yake ya Datsun kuti amasule injini, akuze mabowo, aikemo mapisitoni aakulu, izithamanga bwino pamsewu wa ku Chipata. Zitsulo za galimoto zinali zosowa masiku amenewo, koma a Zimba anati ali ndi mnzao ku Chipata, akamutengela.

A Zimba anabwela ndi mapisitoniwo m'katoni yatsopano. Kenan atagwila pisitoni imodzi, chala chinamuuza zonse. Inali yakale, yokwecha ndi phulusa kuti ioneke yatsopano, ndipo m'bowo inkagwedela.

"Bwanji mwana wanga, pali vuto?" anafunsa a Zimba, akumuyang'ana m'maso.

Kenan anayang'ana pansi. Mkamwini sauza apongozi kuti anama, makamaka mwana wao Yunike, mkazi wake, ali pomwepo akumva.

"Vili makola, adada," anayankha m'Chitumbuka, kunena kuti zonse zili bwino.

Anaimangabe injiniyo ndi mapisitoni omwewo. Pa tsiku la Ufulu mphunzitsi uja anailiza pamsika anthu atadzaza. Inathamanga pang'ono, inayamba kugogoda, kenaka inalavula utsi mpaka amayi a chipani anasiya nyimbo n'kumatsokomola.

"Ine ndinanena kale, mnyamatayu nchito saidziwa!" anatelo a Zimba mokweza, anthu n'kuseka.

Kuyambila pamenepo Kenan amakonza njinga kuseli kwa msika, ndipo galimoto ikamadutsa amawelama. A Zimba amabwelabe kudzapopetsa matayala a njinga yao.