Zingwe Ziwiri za Khoka la Malemu Silasi

Malume ake, a Silasi, atamwalira, Bartolomeyo anatsika sitima ya mishoni pa Msumba ndi bokosi lachitsulo pamutu ndi wenzulo ya mkuwa pakhosi. Zaka zisanu ndi ziwiri anali kapitawo wa okweza nkhuni m'sitimamo, ndipo ankayenda ngati munthu amene nyanja yonse imamudziwa dzina. Abale anamupatsa khoka la malemuwo, lolukidwa ndi ulusi wa bwazi, lalitali kuposa onse kuyambira ku Lunho mpaka ku Metangula.

Koma khoka si khasu loti munthu n'kugwira yekha. Limafuna anthu makumi awiri, khumi pa chingwe ichi, khumi pa chinacho. Masiku amenewo, pamene Kampani ya Azungu inkalamulira dzikolo, manja anali osowa, chifukwa amuna ambiri anali paulendo wosenza katundu kupita kunyanja yamchere. Jafari, mwini khoka wa gombe la kumwera, anali atayamba kale kunyengerera anthu a Silasi. Iwowo akanachoka, khokalo likanawolera pathandala, ndipo abale akanalipereka kwa wina.

M'mawa woyamba Bartolomeyo anakwera pamwala kuti aone kagwiridwe kawo. Bwato linazinga nsomba, zingwe ziwiri zinafika pamchenga, anthu n'kuyamba kukoka. Zingwezo zinali ndi mfundo pa mikwamba khumi iliyonse. Mfundo ikatuluka m'madzi, a Abeid, nkhalamba ya ndevu zoyera yotsogolera chingwe cha kumpoto, ankafuula nambala yake. Augustino, chimphona cha chingwe cha kumwera, ankayankha. Ngati mbali ina mfundoyo isanatuluke, otsogolawo ankangoima chilili, ena mpaka kununkhiza fodya.

Bartolomeyo anaona ulesi wokhawokha. Iye mankhwala a ulesi ankawadziwa: m'sitima ankagawa anthu pawiri, gulu loyamba kutsiriza nkhuni n'kulandira nyama.

"Kuyambira mawa zofuula zija zatha," anatero. "Ndikaimba wenzulo, kokani. Mbali yoyamba kutsiriza chingwe idzatenga kampango yense ndi chambo chachikulu."

"Mwanangu," anatero a Abeid, "khoka silikokedwa choncho."

"A Abeid, tsobola wakale sawawa."

Nkhalambayo inangopinda chingwe chake.

Kutacha, wenzulo inalira, ndipo anyamata a Augustino anathamanga ndi chingwe ngati akuthawa njuchi. Anapambanadi. Phiko lawo la khoka linafika pamchenga linalo likadali pakuya, khoka lonse litapendekeka, pakamwa pake pali yasa. Chambo sichinachite kuuzidwa njira. Zonse zimene anavuula zinakwana dengu limodzi, opambana n'kutengapo kampango awiri, enawo akuyang'ana ndi maso ofiira. Tsiku lachiwiri a kumpoto anakoka mwaukali kuti abwezere, khoka linakodwa pamwala n'kung'ambika malo atatu. Tsiku lachitatu panabwera anthu khumi ndi anayi okha.

Augustino sanali munthu wobisa mawu. "Akapitawo, ine ana anga sadya wenzulo. Likapita Lamulungu, ine ndi anzanga tili kwa Jafari."

Bartolomeyo mtima unamuwawa, ndipo mantha anamugwira, ngakhale sakanavomera pagulu. Anakadandaulira mlongo wake Rakele, amene ankapala nsomba zochepazo kuseri kwa nyumba. Anthu a kuno ndi osayamika, anatero, wawabweretsera nzeru za kutali koma iwo akukakamira zakale.

Rakele sanadzutse mutu. "Achimwene, amalume ankaima pati anthu akamakoka?"

"Pamwala paja. Mwini khoka angaimenso pati?"

"Munawaona?"

Sanawaonepo. Anachoka pamudzi asanafike msinkhu wogwira chingwe.

"Safunsa anadya phula," anatero Rakele, n'kuponya matumbo a nsomba kwa nkhuku.

Kuchokera panyumba kukafika pa mkuyu pamene a Abeid ankasoka khoka masana amenewo ndi pafupi, koma Bartolomeyo anayenda ulendowo ngati wokwera phiri. Anakhala pansi, anavula chipewa, anafunsa za kunyumba. Kenako anati:

"Bambo, ndalakwa pati?"

A Abeid anatsiriza kaye mfundo imene ankamanga. "Nkhuni ukakweza zako, zakwera. Za mnzako zikachedwa, zako sizitsika. Khoka ayi. Lili ndi zingwe ziwiri koma thumba ndi limodzi. Ukamutsogolera mnzako mikwamba khumi, watsegulira nsomba chitseko, zake ndi zako zomwe. Aja unawaona ataima aja sanali aulesi. Kudikira mnzako mphamvu uli nazo kumawawa kuposa kukoka."

"Nanga amalume?"

"Silasi analibe malo. Ankamvetsera mfundo. Mbali imene yachedwa kuyankha, iye liwiro komweko, n'kugwira kumapeto kwa chingwe. Ikachedwa inayo, liwironso. Pogawa ankatenga mulu wotsala onse atasankha. Ine Msilamu, iye wa ku tchalitchi, zaka makumi awiri sitinakanganepo pa nsomba."

Loweruka m'mawa anthu khumi ndi anayi aja anafika, ambiri mwaulemu chabe. Bartolomeyo anaima pakati pawo pamchenga.

"Abale anga, ndinalakwa, ndipo ana anu agona ndi njala chifukwa cha ine. A Abeid, itanani mfundo monga kale. Zimene tigwire tigawana mofanana."

Palibe anaomba m'manja. Augustino analavula pambali n'kupita ku chingwe chake.

"Yoyamba!" anafuula a Abeid.

"Yoyamba!" anayankha Augustino.

Pa yachitatu Augustino ndiye anayamba kufuula, kumpoto kuli zii. Bartolomeyo anathamangira komweko n'kugwira kumbuyo kwa nkhalamba. Chingwe chonyowa chodzaza mchenga sichidziwa kuti uyu ndi kapitawo. Pofika mfundo yachisanu manja ake ofewa aja anali atatuluka matuza. Akutembenuka anaona Augustino ataima, chingwe chili m'manja, nsagwada zitalimba, akudikira. Pa yachisanu ndi chiwiri a kumwera ndiwo anatsalira, poti awiri mwa iwo anali atatopa. Bartolomeyo anadutsa gombe lonse akupuma ngati galu, anagwa kamodzi, anadzuka, anagwira kumbuyo kwa Augustino. Matuza anaphulika. Rakele ndi amayi ena atatu, ataona kuti manja akuchepa, anatula madengu n'kudzigawa, awiri uku awiri uko.

Khoka linabwera litazungulira bwino, mapiko onse awiri kufika pamodzi, ndipo m'thumba madzi ankawira. Sizinali nsomba zoti n'kuimbira nyimbo. Masiku a Silasi ankaposa pamenepo. Koma madengu asanu ndi limodzi a utaka ndi chambo anadzaza, ndipo anthu amene sanalankhulane masiku atatu ankaseka kagwedwe ka kapitawo.

A Abeid anaika milu pamchenga, ndi ya amayi aja yomwe. Aliyense anasankha. Bartolomeyo anadikira mpaka mapeto, n'kutenga umene unatsala, wochepako ndithu, wa utaka wokhawokha. Pofuna kuunyamula, zala zinakana kupinda.

Augustino anali atasenza kale zake akupita. Anayenda pang'ono, anaima, anabwerera. Anayang'ana manja a Bartolomeyo nthawi yaitali. Kenako anatula dengu lake, anawolera utaka uja m'dengu la Rakele, n'kuikapo chambo chimodzi cha iye mwini.

"Muwanyike m'madzi amchere manjawo," anatero. "Lolemba tisaponye pano, nsomba za pano zachenjera. Tikaponye kuseri kwa ndomo ija, paja mtunda unalowa m'nyanja. Koma kuja n'kwakuya, khumi ndi anayi sitingakwane. Aja asanu ndi mmodzi ndikawaitana ndine mawa tikatuluka m'tchalitchi."