Mnzake wa Malemu

Eliot ndi Morris anakhala nyumba imodzi ku Chitawira kuyambira ali anyamata mpaka imvi zitayamba kutuluka. Oyandikana nawo ankati ndi pachibale, ndipo iwo sankatsutsa. Ankakondana, koma nkhaniyo inkathera m'nyumba momwemo.

Morris atamwalira ndi matenda a shuga, maliro anakachitikira kwa mayi ake ku Mbayani. Eliot, yemwe ankamusambitsa ndi kumudyetsa kuchipatala, anakhala panja pa benchi pamodzi ndi anthu ongodzapepesa.

Dzuwa litakwera, aVitalis, amalume a malemu amene ankayendetsa mwambo, anamuyandikira.

"Achimwene, kumanda tidzaitana oika nkhata. Inuyo tidzati ndinu ndani wa malemu?"

Eliot anasakasaka liwu loyenera m'mutu mwake. Mawu achizungu ankawadziwa: gei, patina. Morris ankawawerenga pafoni akuseka, n'kumati akumveka ngati mayina a mapiritsi. Lachichewa limene analimvapo ndi lija oitanira minibasi ku Limbe amakuwizira nalo anthu: mathanyula. Liwu limenelo silinkadziwa kuti Morris ankamudikira pakhonde iye akachedwa kuntchito. Mkazi akaferedwa amatchedwa wamasiye, amayi anzake n'kumukhalira m'mbali. Nanga iye?

"Mnzake," anayankha.

"Wa kuntchito?"

"Mnzake basi."

Kumanda anamuitana kumapeto, a kwaya atatha kale.

Atabwerako kumanda, aConstance, mayi a Morris, anamukodola. Anapita naye kuseri kwa nyumba, kutali ndi amayi otsuka mbale.

"Mwana uja sanandiuzepo kanthu," anatero motsitsa mawu, "koma ndinamubala ndine. Maso ndinali nawo."

Eliot anangoyang'ana pansi.

"Ndinafunsa mdzukulu wanga Ireen kuti anthu okhala ngati inu amatchedwa chiyani. Anandipatsa mawu achizungu, lilime langa linakana. Achinyanjawo ndi kutukwana, sindingamutchule nawo mwana wanga. Ndiye inuyo ndizikuitanani chiyani?"

"Sindikudziwa, amayi."

Anamugwira padzanja. Eliot anafuna kulira pomwepo, kulira kwenikweni kumene anakumeza tsiku lonse. Koma wina anaitana chapakhomo, mayiwo n'kumutaya msanga, n'kukonza mpango wawo, n'kumapita.

Loweruka lotsatira achibale anafika ku Chitawira ndi lole kudzatenga katundu wa malemu. AVitalis ankaloza chinthu chilichonse n'kumafunsa mwini wake. Wailesi, ya Morris. Simbi, ya Eliot. Atalowa kuchipinda anaima pakhomo.

"Nanga bedi lalikululi?"

Eliot ndi Morris analigula limodzi ku Limbe, atakangana tsiku lonse za mtundu wa matabwa. Amuna anayi ankayang'ana Eliot, kudikira yankho.

"La Morris," anatero Eliot.

Anawathandiza yekha kulimasula, chifukwa ndi iye ankadziwa bawuti yovuta. Lole itanyamuka anasesa fumbi pamene panali bedipo, n'kupita kukabwereka mphasa kwa oyandikana nawo.