Kujambula Msana wa a Mailesi

Evance atasiya kujambula n'kupeza ntchito ya m'sitolo ku Chipata, anaika malenzi awiri patebulo pamaso pa mlongo wake Felicia.

"Sankhapo imodzi. Inayo ili ndi mwini wake kale."

Ina inali ya zithunzi, yopepuka ngati mbatata, yodzifunira yokha nkhope ya munthu n'kuigwira. Inzake inali ya mafilimu, yolemera ngati nyundo, yosadziwa kanthu payokha. Pamene wapotozera ndi dzanja m'pamene imayang'ana, ndipo imakhala pomwepo mpaka uichotse.

"Ya mafilimuyo idzakuthyola mkono," anatero Evance. "Iwe zako ndi maukwati ndi ana a sukulu."

"Ndibwerekeni zonse mpaka Lolemba, achimwene."

Loweruka Felicia anali ndi ntchito ku Zemba. Anamutuma ndi Ezekiel wa ku Kitwe, mwamuna wa Chiyanjano. Munda umene Chiyanjano adzalandire kwa amayi ake unkachepa chaka ndi chaka, chifukwa a Yoweli, a munda woyandikana, ng'ombe zawo zinkaiwala pokhotera polima. Amayiwo, a Mailesi, miyendo inali itayamba kukana. Ezekiel ankafuna vidiyo yoonetsa malire onse, eni ake akuloza, asanaleke kuyenda.

Felicia anamanga chikwama pakaliyala wa njinga n'kupalasa kuchokera ku boma. Anawapeza a Mailesi akudikira kumunda, ndodo ili m'manja. Anaika lenzi yopepuka ija.

"Adzaonere zimenezi ndani?" anafunsa a Mailesi.

"Mwana wanu, amama."

"Yekha?"

"Ndi a Ezekiel. Ndiwo andituma."

A Mailesi anatembenuka n'kumufulatira.

"Ndiye kuti akamwini anga ali mmenemo. Sindingapenyane nawo kumaso."

"Ali ku Kitwe, amama."

"Ku Kitweko adzandiika pachikhatho n'kumandiyang'anitsitsa ngati nsabwe. Chiloŵere m'banja langa sitinapenyanepo, ndiyambe lero chifukwa cha munda? Iwe uzibwera pambuyo."

Felicia sanatsutse. Anthu oti anakalamba akulankhulana atafulatirana sangasinthe chifukwa cha kamera.

Asanayambe, anatulukira a Yoweli, atavala jekete la kutchalitchi pakati pa dzuŵa. Palibe anawaitana.

"Mwanawe, uzindijambula mbali iyi. Uku kulibe dzino."

Ananyamuka. A Mailesi patsogolo, Felicia pambuyo, a Yoweli chammbali, nkhope ili kukamera. A Mailesi anagogoda chitsa cha msuku ndi ndodo. Anapitirira mpaka pachulu, kuchoka apo mpaka pakhonje amene anabzala malemu amayi awo. Paliponse ankatchula amene analima mbali iyi ndi amene analima mbali iyo.

Pamthunzi, Felicia anabweza vidiyo ija. Mawu analimo onse. Koma lenziyo, itasoŵa nkhope kwa a Mailesi, inakaipeza kwa a Yoweli. Ndevu zawo zinkaoneka imodziimodzi, ndi thukuta la pamphuno lomwe. Chitsa chinali nkhungu. Chulu nkhungu. Pamene ndodo inkaloza khonje, a Yoweli anatsokomola, lenzi n'kuthamangira kwa iwo ngati galu woitanidwa.

Felicia anayesa kuiletsa kuti azipotoza yekha, koma mkombero wake unali waufupi. Akakhudza pang'ono yadutsa, akabweza yadutsanso.

"Tibwereze, amama."

A Mailesi anali atakhala pamzere, akusisita bondo.

"Ulendo uno wokha. Ukalakwanso, udzajambula manda anga akuloza."

Felicia anamasula yopepukayo n'kumanga yolemera. Mkono sukanapirira munda wonse, choncho anakhazika kamera pachishalo cha njinga, dzanja lina pachiwongolero, lina pamkombero wa lenzi. Unkazungulira pang'onopang'ono, molimba ngati chitsekero cha botolo latsopano. Anapotoza mpaka nsonga ya ndodo inaoneka bwino, n'kusiya pomwepo.

Njinga inkadumpha m'mizere ya thonje lokolola kale. Mapesi ankamukala m'miyendo. Pachitsa paja a Yoweli anasendera kufupi, n'kuŵeramira kukamera.

"Chitsa ichi kale chinali uko."

"Chitsa sichiyenda, a Yoweli," anatero a Mailesi osacheuka. "Imayenda ndi pulawo yanu."

Lenzi sinasunthe. Inagwira ndodo, chitsa, ndi mizere ya mtedza wa a Yoweli itadutsa chitsacho n'kuloŵa mkati. Inagwira chulu, inagwira khonje. Kwa a Mailesi inatenga msana, mpango ndi zidendene zong'aluka, monga anafunira eni ake.

Atamaliza, a Yoweli anapempha kuona.

"Nanga ine ndili pati?"

"Ndinu awa."

Chinali chinthu chodera chammbali, chonga utsi wovala jekete.

"Makina ako ndi owonongeka."

"Mwina," anatero Felicia, akumanga chikwama.

A Mailesi sanafune kuona. Anangofunsa ngati chitsa chaoneka, ndipo atamva kuti chaoneka ndi mtedza womwe, anauyamba wa kunyumba, akutsimphina.

Lolemba Felicia anakwera minibasi ya ku Chipata, phewa likuŵaŵabe. Anaika lenzi yopepuka ija pakauntala ya Evance.

"Wapenga? Nanga maukwati udzatani?"

"Akwati amaima akauzidwa," anatero Felicia. "Mupeze kansalu, muikulunge. Yaloŵa fumbi la ku Zemba."