Nambala ya Malemu Velko

Tsvetana anali asanakhale pansi chiyambire m'mawa, ngakhale mpando unali pomwepo kuseri kwa kauntala. Mtima unali m'mwamba. Sabata yatha mnyamata wina anagula mowa ndi fodya pakauntala yake ndi khadi la kubanki lakuba, ndipo a Dobrin, oyang'anira sitolo, anamulozera kamera yakudenga ngati akumuonetsa diso la Mulungu. "Dzina la pakhadi likasiyana ndi munthu, ukane. Ukadzalakwitsanso, epuloniyo udzaikoloweke pamsomali." Ndiye tsikuli aliyense wotulutsa khadi ankaoneka mbava, ndi wansembe yemwe.

Chakumasana mzere utatalika, anafika mayi Gergina atavala zakuda. M'basiketi munali tirigu, shuga, mtedza, makandulo ndi botolo la vinyo. Panalibe chofunsa. Mwa mwambo wa kuno, Loweruka ankayenera kupita ndi tirigu wowiritsa kumanda, kukakumbukira amuna awo a Velko, omwe chithunzi chawo chinali chikadali pachitseko cha sitoloyo, papepala lolengeza maliro.

Khadi limene anatulutsa linali ndi dzina la malemuwo. Tsvetana anawerenganso dzinalo kachiwiri.

"Azakhali, khadili si lanu."

"Nanga ndi la ndani, la aneba? Penshoni yanga ndi yawo zinkalowa momwemu, mwanawe. Langa sindinakhalepo nalo."

Asanayankhe, mayiwo anali atalilowetsa kale m'makina. Anadina chaka chimene amuna awo anabadwa, makina anakana. Anadina cha mwana wawo wa ku Spain, anakananso. Aliyense pamzerepo ankadziwa kuti kachitatu khadi limatsekedwa, ndipo kubanki akangomva za maliro, nkhani ya mapepala imatha tirigu atamera.

Chowawa n'chakuti Tsvetana nambalayo ankaidziwa. Ndani m'dera lino la mzinda wa Sliven sankaidziwa? A Velko ankamva movutikira, ndipo podina ankaitchula mokuwa ngati akuitana ng'ombe. Amene sankaidziwa ndi akazi awo okha, poti bamboyo sankawalola kukagula zinthu, ati manja awo ndi obowoka.

Chitseko cha ofesi chinatseguka. A Dobrin anaima pafupi ndi shelefu ya fodya, manja atapinda pachifuwa. Tsvetana anasuntha shuga, n'kumubwezanso pomwe anali. Anaganiza za mwana wake amene anali atangoyamba sukulu ya unamwino, ndipo anachita mantha kwabasi.

"Azakhali, ndapota nanu, chotsani khadilo. Mundichotsetsa ntchito."

"Ndiye amuna anga aja ndikawaone chimanjamanja? Anthu akadye chiyani pamandapo, miyala?"

"Kodi tigona pompano?" anakuwa a Minko, amene kale ankayendetsa basi, atakumbatira chivwende kumbuyo kwa mzere. "Mlamu, inu nokha? Nambala imeneyo ngakhale galu wa panjapo akhoza kukuuzani! Wani, folo..."

"Ziro, faifi!" mzere wonse unamaliza, ngati ameni wa m'tchalitchi.

Ena anaseka. Mayi Gergina sanaseke. Chala chawo chinangoima m'mwamba.

"Pa 14 Meyi," anatero chapansipansi. "Tsiku langa lobadwa limenelo. Nkhalamba yabodza ija! Moyo wonse ngakhale duwa limodzi, ati ndaiwala, ndaiwala. Kani amaliimba muno tsiku ndi tsiku?"

Chala cha Tsvetana chinali kale pabatani lofiira lothetsera malonda. Kungodina basi, epuloni ikhala yake. A Dobrin anatsokomola, chifuwa chopanda chimfine.

Koma panalinso lamulo lina, ndipo anamuphunzitsa ndi a Dobrin omwewo tsiku loyamba: wogula akamadina nambala, wogulitsa ayang'ane kumbali. Tsvetana anachotsa chala chija, natembenukira kuchitseko. Dzuwa linkawala kuseri kwa pepala la maliro, moti nkhope ya a Velko inkaonekera ndi m'kati momwe. Anaiyang'anitsitsa mpaka makina analira, lisiti n'kutuluka.

Analongedza katunduyo bwinobwino, makandulo pamwamba kuti asathyoke. A Dobrin anafika pambali pake, osakweza mawu.

"Ukamaliza amenewa, tseka kauntala. Msomali ukuudziwa."

Mayi Gergina sanamve. Anali kalikiliki kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Atanyamula thumba anagwira dzanja la Tsvetana.

"Mwanawe, Loweruka ubwere udzadye tirigu wa a Velko. Kaya abwanawa akulola? Paja Loweruka n'lotanganidwa muno."

Tsvetana anapititsa manja kumbuyo, nayamba kumasula chingwe cha epuloni.

"Ndibwera, azakhali. Ndilawirira, ndidzakuthandizeni kuwiritsa."