Chifefe cha Alongo Anga ndi Timbale Tadothi

Ine ndaumba miphika kuyambira tili kothawa nkhondo ku Malawi mpaka lero, koma munthu wondiuza kuti ndimuumbire chinthu choti akachiswe ndinali ndisanamuone. Woyamba ndi Nilton, mwana wa alongo anga a Cassimiro, yemwe ndinamubereka kumbuyo kuno tikuwoloka pa Kalomwe pobwerera kumudzi.

Nilton amagwira ntchito kumigodi ya malasha ku Tete. Akuti Loweruka mashefi ake, mabwana a kuntchitoko, amapita pabwalo lina, makina n'kumaponya timbale tadothi m'mwamba, iwo n'kumatiwombera. Akatha amagwirana chanza, n'kubwerera kwawo opanda ndiwo. Iye naye anazolowera masewerawo, koma mfuti amachita kubwereka, ndiye atabwera pa feriya, tchuthi cha kuntchito, maso ake anali pa chifefe cha abambo ake.

Chifefecho n'cha mpope umodzi, lisensa yake ilipo, ndipo alongo anga amachisamala kuposa mmene ankasamalira malemu alamu anga. Amachithyola pakati, kulowetsa kansanza ndi ndodo yansungwi, kusuzumira kudzuwa, kudontheza mafuta a makina osokera, kenako kutseka kukamwa kwake ndi chitsononkho kuti mavu asamangemo nyumba. Mafuta ophikira amati amamata ngati ulimbo. Munthu ukayamba nawo nkhani ya mfuti, uyambe wamangirira mbuzi.

Vuto linali maso. Anayamba kuchita ng'ala, iwo n'kumakana. Mwana wawo wamkazi Vanda, amene amakhala nawo pakhomo, anauza Nilton kuti tsiku lina abambo awo anawombera pulasitiki wakuda m'munda wa nyemba poyesa nkhanga, pafupi ndi njira imene ana amadutsa popita kusikola ku Fonte Boa. Vanda ankanena ndi mantha, zimenezo sindikana. Koma Nilton pomva nkhaniyo nkhope inawala ngati wamva za ukwati.

M'malo mokhala pansi ndi abambo ake awiriwiri, iye anabwera ndi nzeru za ku Tete. Anati pachitike mayeso. Timbale tiponyedwe, ababa akaswa ngakhale kamodzi mfuti ikhale, akalephera iye aitenge, za mapepala akakonza yekha ku pulisiya ku Ulongwe. Anati nayenso awombera kuti anthu aone kachitidwe kake. Alongo anga, kunyada kuja, anavomera asanamve n'komwe kuti timbaleto timauluka bwanji.

Apa mpamene mtima wanga unatentha. A Cassimiro sanawomberepo chinthu chouluka chibadwire. Katushu, chipolopolo cha chifefe chija, si chinthu chotayira mphepo. Iwo amawaza gaga pamalo pomwe nkhanga zimazolowera, kubisala m'tchire kuleza mtima mpaka miyendo kuchita dzanzi, ndipo zikasonkhanitsa mitu pamodzi mpamene amakoka. Ndiye mwana wa dzana abwere ndi mayeso amene akudziwa kuti mkulu sangakhoze, n'kumawatcha chilungamo? Kuwonjezera apo, n'kubwera kwa ine, kundionetsa pa telefoni kukula kwa timbaleto, amvekere atiya Lucinda, azakhali anga, manja anu ndi odala. Ndinamuyankha kuti inde mwananga, ndi odala kwambiri.

Ndinaumba mitundu iwiri. Ta Nilton ndinatenga dothi lenileni lakudambo, kusakaniza ndi phale losinja, kutinenepetsa, kutiwotcha ndi nkhuni za mphakasa mpaka tikulira ngati belu. Ta alongo anga ndinaumba topyapyala ndi dothi lamchenga, kuthiramo gaga, kungotiyanika padzuwa, kenako kutifukiza utsi kuti tioneke ngati tapsa. Ndinkati kaphokoso ka mfuti kokhako katiphwanya, anthu aziti mkulu walasa.

Tsikulo linali Lamulungu titaweruka ku Misa, kudambo kumunsi kwa minda ya mbatatesi. Ine ndinkayesa tikhala apabanja tokha. Ndinapeza mudzi wonse, chifukwa Nilton anali atalengeza panja pa tchalitchi. Woponya anasankha Arcanjo, mnansi wathu amene amanyamula matumba panjinga kumalire, munthu wa mikono ngati mitsi.

Anayamba Nilton, atavala magalasi achikasu ndi zotseka m'makutu. Anaima motambalala, n'kufuula liwu lachilendo lomwe amati ndilo lolamula woponya. Arcanjo anaponya, chifefe chinalira, Nilton n'kubwerera m'mbuyo chifukwa chimamenya phewa ngati bulu. Kambale kanatera bwinobwino, n'kugubuduka ngati wilo mpaka mumzere wa kabichi. Kachiwiri chimodzimodzi. Kena anakalasadi, tinachita kumva kuti the, koma kanangochita timabala ngati munthu wodwala nthomba. Ndinamuuza kuti asadandaule, mwina mbale za kumudzi sizimva Chipwitikizi. Iye anakatola, kukagogoda ndi chala, n'kundifunsa ngati ndaumba mbale kapena njerwa. Ndinati ine sukulu yanga inathera pakhomo pa kalasi, za miyeso sindizidziwa.

Kenako inafika nthawi ya alongo anga. Anakana magalasi, anakana zotseka m'makutu, analandira katushu kwa Nilton, kumulowetsa modekha n'kuika mfuti paphewa. Ine ndinapatsa Arcanjo kambale ka m'dengu la tofewa tija, ndikumunong'oneza kuti aponye ngati akupatsira mwana dzira. Iye sanamve, kapena mikono ijayo siidziwa kunyengerera. Anangoti aponye, kambale n'kumwazika kasanafike n'patali pomwe, gaga kumuthira m'maso. Anthu anayamba kuseka. Ine ndinali nditakonza kale bodza loti kanali ndi mng'alu.

Koma a Cassimiro anali chiimire, mfuti ili m'mwamba.

“Ponya, Arcanjo. Ukudikira chiyani?”

Kuseka kunatha. Arcanjo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana dengu. Anatenga kena n'kukaponya pang'onopang'ono, ndipo kameneka kanalimba. Kanadutsa patsogolo pawo penipeni, kumwamba kuli mbee, kopanda ndi mtambo womwe. Mpope wa mfuti sunasunthe. Mphepo inakakankhira kumbali, n'kukagwera m'mapesi ouma chakumene kunaima azimayi. Atamva kuti tswa, alongo anga anatembenuka ndi mfuti yomwe kulunjika komweko. Azimayiwo anagwa chafufumimba. Nilton analumpha n'kukankhira mpope m'mwamba. Mfuti siinalire.

Alongo anga anaithyola pakati, n'kutulutsa katushu. Anafunsa kuti analoza yani.

“Ine, ababa,” anatero Vanda, akusasa maudzu pachitenje.

Kenako alongo anga anagwira chifefe chija ndi manja awiri, monga timaperekera chinthu kwa mkulu, n'kutambasulira Nilton. Bambo kwa mwana wake, pamaso pa mudzi wonse, ana a sikola ali pompo. Ndipo Nilton anatambasula manja kuti alandire.

Sindikudziwa mmene ndinafikira pakati pawo ndi mawondo angawa. Ndinangozindikira mfuti ili m'manja mwanga. Anthu anati haa, chifukwa kwathu kuno akuluakulu amati mkazi akagwira mfuti ya mlenje imazizira, siiphanso kanthu. Ndinaikumbatira bwinobwino, n'kuipukuta ndi mpango wanga wakumutu kuti aliyense aone.

“Basi, ndaiziziritsa,” ndinatero. “Ukaitenge ukachite nayo chiyani ku Tete?”

Nilton anati zimenezo n'zachikale, ndipo pangano ndi pangano. Ndinamufunsa kuti pa pangano lakelo iye waswa zingati. Anati mbale zanga zinali zachinyengo. Ndinati zinali zachinyengo zonse, zako ndi za abambo ako, ine ndine woumba, sindine woweruza. Kenako ndinamuuza zimene zinali kukhosi.

“Iwe unadziwa kuti maso awo afa. Vanda anakuuza. Mwana wanzeru akanawatenga pa shapa, minibasi ija, kukaonetsa kwa adotolo. Iwe unaitana mudzi kuti udzaonere abambo ako akufufuza kumwamba, chifukwa ukufuna chokasewerera ndi mashefi ako. Unawapatsa katushu ndi dzanja lako, mlongo wako ataima apo. Akanakoka, ukanati walakwa ndani?”

Nilton anavula magalasi achikasu aja n'kumawayang'ana ngati ndi a munthu wina.

Amene anamaliza nkhani ndi Vanda. Anapita kwa abambo ake, kugwada, n'kupempha katushu uja anali m'dzanja lawo ndi ena onse a m'thumba la jekete. Anapereka osatsutsa. Iye anawapatsira Nilton, n'kunena kuti chimene chimamusowetsa tulo iye Vanda ndi makatushuwa, awatenge apite nawo, ndipo otsala kunyumba amupatsa asananyamuke. Koma mfuti ikhala pakhomo, pakuti yopanda katushu siinalasepo munthu. Anawonjezera kuti feriya isanathe, Nilton awaperekeze ababa kuchipatala cha maso kutsidya kwa malire. Nilton anati chabwino, mawu ali pansi, n'kuyamba kutola makatushu opsa m'maudzu.

Ndinabweza chifefe kwa mwini wake. Ndinkayembekeza kamawu kothokoza, ngakhale kakang'ono. Anthu atabalalika, alongo anga anachikoleka paphewa, n'kundiuza kuti Arcanjo wawafotokozera za gaga.

“Iwe Lucinda, unandiyesa khanda loti ulipatse phala? Munthu wamkulu ngati ine, kundiumbira mbale zofewa?”

Ndinawauza kuti ngati akufuna zolimba zilipo, zili mu kabichi, apite akazitole okha. Anati kuyambira lero ndisadzagwirenso mfuti yawo. Ndinati ndinamva. Anati ndipo ndine mkazi wamwano chibadwire, amayi ankanena. Zonsezi akulankhula atagwira chigongono changa, chifukwa njira yochokera kudambo ili ndi maenje, ndipo sanandisiye mpaka tinafika pakhomo.