Masofa Panja pa Amake Karen

Amake Karen anayamba ntchitoyo m'mawa, anthu a m'komboni ya George akadali pamzere wa madzi ku kiyosiki. Anakwekweretsa okha sofa yaikulu mpaka inakakamira pakhomo.

"Moven! Uzagona mpaka Yesu akabwere? Bwera ugwire uku!"

Moven, mwana yekhayo amene anawatsalira, anatuluka akumanga lamba. Anali kondakitala wa minibasi, ndipo anali atachedwa kale.

"Amai, masofa muyapeleka kuti?"

"Panja."

"Panja? Anthu azaganiza kuti pali maliro."

"Nanga palibe? Nyamula, usanitayitse nthawi."

Mnyamatayo anawayang'ana, nanyamula. M'komboni muno masofa satuluka panja chabe. Ukawaona atandandalikidwa kukhoma, dziwa kuti m'nyumbamo akonza malo oti amayi akhale pansi alire, ndipo munthu woleredwa bwino sapitirira.

Karen anamwalira dzinja la chaka chatha, pamene kolera inasesa George, Kanyama ndi makomboni ena ngati tsache. Anayamba kutsekula m'mimba madzulo, kutacha maso anali atalowa. Anamutengera ku sitediyamu imene inasandutsidwa chipatala. Amake anaima kunja kwa mpanda pamodzi ndi khamu la anthu, phala likuzizira m'manja, mpaka tsiku limene anaitanidwa dzina. Mwana wawo anamuona ali m'thumba la pulasitiki lonunkha kilorini. Sanamusambitse. Sanamuone nkhope. Anaikidwa tsiku lomwelo ndi anthu ovala zoyera, ndipo kusonkhana pamaliro kunali koletsedwa. Atabwerera kunyumba anapeza masofa ali m'malo mwake, pakhomo pali zii. Misozi inakana kutuluka. Munthu angalire bwanji yekha, ngati wamisala? Inangokhala pakhosi chaka chonse ngati fupa la nsomba.

Tsono dzulo lake kunabwera Ba Kalaba, tcheyamani wa zoni, atanyamula chitenje chatsopano. Anati lero pabwalo la pamsika pakhala mwambo wokumbukira onse amene anapita ndi kolera. Kubwera alendo akuluakulu, ndipo akufuna amayi ofedwa akhale kutsogolo.

"Mufuna nkhope yanga? Chabwino," anatero Amake Karen. "Ine nizakhala kutsogolo, imwe munipatse azimai a kwaya abwere kuno alire mwana wanga."

"Pulogiramu inakonzedwa kale, amai."

"Ndiye tengani nsalu yanu. Nili nazo zambiri."

Masofa atatha kutuluka, anayala mphasa, namanga duku, nakhala pansi atatambasula miyendo. Bwanji anthu akangoyang'ana n'kupitirira? Ndiye kuti Karen waikidwa kachiwiri ngati galu, ndipo ulendo uno popanda lamulo loti wina abisalemo.

Woyamba kutulukira anali Bana Chewe, Mbemba wa ku Kasama amene amagulitsa tomato pafupi nawo pamsika. Kale ankadyera mbale imodzi, koma chimwalirireni Karen ankangopatsana moni wa pamwamba. Anali atavala chitenje cha mwambo, amayi ena ali pambuyo. Atangoona masofa anaponya manja kumutu, nayamba kulira ali mumsewu.

"Mayo ine! Moven mwana wanga! Maminibasi aya atimaliza!"

Analowa pampanda akugubuduka, anzawo akuwagwira, ndipo anakumana ndi Moven ali chilili, mbaula ili m'manja.

"Mwauka bwanji, Bana Chewe?"

Kulira kunaduka ngati wailesi yothera magetsi. Amayiwo analowa m'nyumba, nagwada pakhomo.

"Amake Karen, nanga nindani watisiya?"

"Karen."

Anayang'anana. Wina kumbuyo ananong'ona kuti mutu wayamba kusokonekera.

"Nakumva iwe, mutu wanga uli bwino! Karen, nati. Kapena munabwera kale ine sininakuoneni? Unabwera iwe? Nanga imwe? Bana Chewe, imwe amene munamubereka kumsana nikapita kukaoda kumsika wa Soweto, munabwera?"

"Boma inakana, mwandi."

"Boma inakana mwezi umodzi! Miyezi ina yonseyi anakukanizani ndani? Mvula inatha, kolera inatha, mabala a mowa anatsegula, mwavina makitchenipate kangati? Ine pamaliro a amuna anu n'nagona pansi mpaka nthiti kuwawa. N'naphika, n'natunga madzi. Lero mwavala vitenje vatsopano mukalire pamaso pa makamera, pakhomo panga mupitirira!"

Bana Chewe anagwetsa nkhope. "Tinali na mantha. Kunyumba kuli adzukulu. Pambuyo pake manyazi anatigwira, tinasowa polowera."

"Polowera ni apo mwagwadapo. Khomo silinasamuke."

Panja anthu anali akuchuluka. Aliyense wopita kumwambo akaona masofa ankapatuka. Abambo ankavula zisoti n'kukhala, amayi n'kulowa. Posakhalitsa anafika Ba Kalaba, thukuta lili kamukamu, foni ikulira m'thumba.

"Amake Karen, ni vichani ivi? Alendo afika, mu tenti muli mipando chabe! Mwanibera anthu!"

"Anthu ni anu? Munawagula ngati vovala va pa salaula?"

"Mwanamiza komboni yonse. Palibe maliro pano."

"Lowani munionetse Karen, nibweze masofa."

Ba Kalaba anatembenukira amayi aja. "Tiyeni, azimai, nthawi yatha. Kuli na chakudya uko."

Ena anayamba kudzikonza zitenje. Awiri anaimirira n'kutuluka. Amake Karen anawayang'ana akupita. Sanapemphe munthu. Anali atanena mtengo wawo, ndipo pamsika sanathamangirepo kasitomala.

Pamenepo Petronella, mayi wachete amene amachapira anthu zovala, analankhula ali pakona.

"Ine siniyenda. Na ine amuna anga sitinawalire. Ananipatsa chabe nambala ya manda."

"Na ine mdzukulu wanga," anatero wina.

"Ine awiri. Mlungu umodzi."

Bana Chewe anavula nsapato, naziponya panja, nasendera mpaka phewa lawo linagunda la Amake Karen.

"Ba Kalaba, kauzeni alendo anu kuti maliro ali kuno. Akafuna abwere, akhale pa sofa."

Tcheyamaniyo anaima pang'ono, foni ikuliralirabe, kenaka anachoka ndi ochepa amene anamutsata.

Moven anasuzumira pakhomo. "Amai, ba dalaivala anituma foni. Niyende?"

"Suyenda. Minibasi izapeza wina wokuwa. Ine nakhala na iwe chabe, ndipo nikuona kumsana ukatuluka m'mawa. Lero khala pomwe nikuona. Koleza moto, amuna anzako ali panja."

Mnyamatayo anazimitsa foni, nakhala pakhomo pomwepo ndi mbaula yake.

Bana Chewe anayambitsa nyimbo ya maliro ya Chibemba, ndipo nyumba yonse inavomera. Pakati pa nyimbo anayamba kumuitana mwanayo monga amachitira pamaliro, kumuuza zake: Karen amene ankaluka tsitsi akutukwana kasitomala kuti asagwedeze mutu, Karen amene anathamangitsa wakuba ndi chipande mpaka ku kiyosiki. Amayi ena anaseka misozi ili m'masaya.

"Sichinali chipande," anatero Amake Karen mwaukali. "Unali mthiko. Mukamunena mwana wanga muzimunena bwino."

Anafuna kuwonjezera, koma mawu anathyoka. Chimene chinakhala pakhosi chija chinasuntha. Anagwira bondo la Bana Chewe, natsegula pakamwa, ndipo mfuu imene inatuluka inamveka mpaka pamsika.

"Karen mwana wanga, ee! Anakukulunga ngati katundu, ine amako n'naima kunja kwa waya!"

Amayi anawazungulira, wina kuwagwira msana, wina mutu. Panalibe amene anati tontholani. Petronella anadikira nthawi yake, dzina la amuna ake lili pamilomo, pakuti tsiku linali likadali lalitali ndipo olira anali okwanira onse.