Fayilo Yoyesera

Zelifa ankapeta mpunga pakhonde pamene a Katija, oyandikana nawo amene anamubwereka licherolo, anafika ali wefuwefu.

"Mwanangu, madzi asefukira kudambo la Chilwa. Amuna anga, bambo a Raisa, akadali kumunda komweko. Uthenga wanu uja sunabwere."

Zelifa ndiye ankayang'anira seva, kompyuta ya bungwe la alimi imene imatumiza chenjezo pa foni mitsinje ikadzaza. Anatula lichero n'kulowa m'nyumba. Foni yake, yomwe inali pa tchaji kuyambira m'mawa, inali ndi mauthenga mazana atatu, onse ofanana: thawirani kumtunda.

Anatsegula laputopu. Seva ikamadzuka imafunafuna fayilo ya malangizo motsata ndondomeko. Imayamba m'foda ya pulogalamu, ikaisowa imapita kufoda ya makina onse, ndipo ikapeza imodzi sifunanso ina. Fayilo yeniyeni, yokhala ndi manambala a alimi, inali m'foda yachiwiriyo. Koma Lachisanu iye anaika yoyesera m'foda yoyamba, ya nambala yake yokha, n'kuiwala kuichotsa.

Anaifufuta n'kudzutsanso seva. Panja foni ya a Katija inalira. Mitambo inali itaphimba phiri la Michesi, mphepo ikumwaza mankhusu pabwalo.

A Katija anawerenga uthengawo, kenako anaimbira amuna awo. Foni inaitana, inaitana, osayankhidwa. Mvula itayamba kudontha, anawerama n'kufunditsa mpunga wa Zelifa ndi chitenje chawo.

Zelifa anagwada pakhomo.

"Mayi, sanalakwe makina ayi, ndalakwa ndine. Ndikhululukireni. Ambuye, ndikhululukireni."